Dzina la Munthu ndi Burashi ya ku China

Mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu, nchito yoyamba imene dzanja lace ligwira pakati pa akulu ndiyo kusaina dzina. Asaina pa kalata yofunsira nchito, asaina ku positi ofesi, asainanso polandira malipiro. Makolo ambiri akale anali kudinda cala m'malo mwa kulemba, ndipo cifukwa ca ici ana ao ayesa kusaina cinthu caulemu ndithu. Masiku ano mwambo wapitirira pamenepo. Wojambula zithunzi, telala, woimba nyimbo ndi mwini kasitolo, yense afuna cizindikiro cacecace, ndilo dzina lace lolembedwa mwa njira imodzi yosasinthika, loti liikidwe pa cikwangwani, pa makalata ndi pa intaneti, kuti munthu akangoliona adziwe mwini wace asanawerenge nkomwe.

Mwa iwo amene apanga zizindikiro zotere, ambiri m'maiko osiyanasiyana acita kaso ndi kalembedwe ka anthu a ku China, ka burashi ndi inki yakuda ndi kacidindo kofiira pambali, ndipo afuna kuti maina ao aoneke comweco. Kubwereka nzeru kwa anthu a mtundu wina kulibe mlandu, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma akulu ananenanso kuti nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka. Cotero nkoyenera kupima nchito za amisiri angapo amene analemba maina mwa njira imeneyi, kuti cidziwike kubwereka kumene kukhalitsa ndi kumene kuguluka.

Poyamba wowerenga adziwe cimene anthu a ku China acita polemba. Zipangizo zao nzinai: burashi ya ubweya wa mbuzi kapena wa kalulu womangidwa pa kansungwi, inki youma ngati kamtengo, yopangidwa ndi mwaye wosanganiza ndi zomatira, mwala woperapo inkiyo pamodzi ndi madzi pang'ono, ndi pepala lopyapyala lomwa inki msanga. Pepala likamwa, kufafaniza kulibe. Cilembo ciri conse cikhala m'kabwalo kosaoneka ka ngodya zinai zolingana, ndipo mizere yace ilembedwa motsata lamulo: wapamwamba uyamba, wapansi utsata, wakumanzere uyamba, wakumanja utsata, wopingasa utsogolera woimirira. Kunenepa ndi kuonda kwa mzere kucokera m'dzanja, pamene wolemba apanikiza burashi kapena ainyamula, afulumira kapena adekha. Cilembo ca liu lakuti muyaya ciri ndi mizere 5 yokha, koma aphunzitsi aonetsamo mitundu 8 ya kayendedwe ka burashi, ndipo ophunzira acibwereza kosawerengeka. Motero cimene mlendo ayesa cokometsera cabe, kwa eni ace ndi mapazi amene dzanja lasiya poyenda.

Amisiri awiri akale aonetsa bwino cimene anthu a dzikolo alemekeza. M'caka ca 353 Wang Xizhi anasonkhana ndi abwenzi ace pa malo ochedwa Lanting, nalemba mau otsogolera ndakatulo zimene anapeka tsikulo. M'zilembo 324 za pepalalo muli kacilembo kamodzi kobwerezedwa nthawi 20, ndipo nthawi iri yonse kalembedwa mosiyana. Pepala lenileni linatayika kale, koma zotsanzira zace ziphunziridwa kufikira lero. Wina ndi Yan Zhenqing, nduna ya boma yobadwa m'caka ca 709. M'caka ca 758 iye analemba mau olira mwana wa mbale wace amene anaphedwa pa nkhondo ya cipanduko ca An Lushan. Pepalalo liri ndi zokhwacha zambiri, ndipo pena burashi inauma iye osaima kuti aiviike. Koma akatswiri aliyesa limodzi la malemba opambana onse, ndipo lisungidwa ku National Palace Museum, ku Taipei. Aliyamikira cifukwa cisoni ca munthuyo cioneka m'mizere. Yan mwini anaphedwa ali nkhalamba cifukwa cokana kugonjera wopanduka wina, ndipo kuyambira kale anthu ayerekeza kulimba kwa zilembo zace ndi kulimba kwa mtima wace.

Pamenepa pabuka bvuto limene wopanga cizindikiro ayenera kulizindikira. Ulemerero wa burashi uli m'kusabwereza, monga m'mene Wang Xizhi anasinthira kacilembo kaja nthawi 20; koma cizindikiro ca munthu cifunika kukhala cimodzimodzi dzulo, lero ndi mawa, apo ai palibe angacizindikire. Anthu a ku China anathetsa bvutoli kale lomwe pakulekanitsa nchito ziwirizi. Burashi anaisiyira ufulu, ndipo kusasinthika anakupereka kwa cidindo, ndiko kamwala kozokotedwa dzina, koviikidwa m'phala lofiira. Zilembo za pa zidindo nza mtundu wakale umene unalinganizidwa pamene mfumu Qin Shi Huang inagwirizanitsa dziko m'caka ca 221 Kristu asanabadwe. Mmisiri angaseme malo ozinga zilembo kuti zilembozo zituluke zofiira, kapena angaseme zilembo zomwezo kuti zituluke zoyera pakati pa kufiira. Cidindo ndico cizindikiro ceniceni ca munthu ku China, ndipo wofuna kuphunzira kwa iwo ayambire pamenepo.

Mwa osema zidindo a masiku apafupi, wochuka koposa ndi Qi Baishi, amene anabadwa m'caka ca 1864 ku Xiangtan, m'cigawo ca Hunan, namwalira ku Beijing m'caka ca 1957. Iye anali mwana wa alimi osauka, ndipo ali mnyamata anaphunzira ukalipentala ndi kuzokota maluwa pa matabwa. Pambuyo pace anachuka ndi zithunzi za zinthu zimene akatswiri ena anazipeputsa, monga nkhanu, anapiye ndi acule. Posema cidindo amisiri ambiri anali kudula mzere uli wonse kawiri, mbali ino ndi mbali inayo, kuti usalale. Qi Baishi anali kukankha mpeni kamodzi kokha osabwerera, kotero kuti mbali imodzi ya mzere ituluka yosalala, inayo yokukutika monga m'mene mwala unathethekera. Ndiponso sanagawe malo mofanana: pena athithikiza mizere, pena asiya dera lalikulu lofiira lopanda kanthu.

Zidindo zimenezi ziyenera kuyamikiridwa pa zifukwa ziwiri. Coyamba ncakuti kasemedwe kace kagwirizana ndi mbiri ya mwini wace. Dzanja lozolowera chizulo ndi limene lingakankhe mpeni molimba mtima cotero. Caciwiri ncakuti mau amene iye anasankha anena zoona. Pa cidindo cina anadzicha munthu wa mtengo, pokumbukira ukalipentala umene anthu ophunzira a nthawi yace anauyesa nchito yonyozeka. Pa cina anadzicha mwini cuma wa zidindo zamwala 300, ndiko kuseka umphawi wace mwanthabwala. Alipo amene anena kuti mizere yace njaukali mopitirira, ndi kuti otsanzira ace asandutsa kulimba mtima kukhala kusasamala. Mau awa ali ndi coonadi cace, koma mlandu ugwera otsanzirawo, amene anatenga kukukutika kwa mzere nasiya zaka za m'shopo ya matabwa zimene zinaubala.

Tsono wowerenga aoloke nyanja kunka ku America, kumene kubwereka kwa mtundu wina kunayambira. M'caka ca 1883 kampani yopanga zilembo zosindikizira, Cleveland Type Foundry, inatulutsa zilembo za Cingerezi zimene inazicha Chinese, ndipo pambuyo pace zinadziwika ndi dzina lakuti Mandarin. Mzere uli wonse wa zilembozi ngwonenepa mbali imodzi ndi wosongoka mbali inayo, ngati mphero yong'ambira nkhuni. Zilembo za mtundu umenewu zinafala pa zikwangwani za nyumba zodyera ndi pa mabokosi a cakudya, ndipo zioneka m'mizinda yambiri kufikira lero. Nkofunika kukumbukira kuti m'caka ca 1882, caka cimodzi zilembozi zisanatuluke, boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa anchito a ku China kulowa m'dzikomo. Anthu anakanidwa, koma maonekedwe a malemba ao anatengedwa kukagulitsira malonda.

Colakwa ca zilembozi, kuyang'anira umisiri wokha, ncakuti zinama za burashi. Kusongoka kwace sikutsata kumene dzanja liyamba ndi kumene lithera. Mmisiri anangomwaza timphero monse kuti diso linyengeke. Munthu wa ku China sapezamo kanthu ka kwao, ndipo wowerenga Cingerezi apeza zilembo zace zitapunduka. Nzoona kuti eni nyumba zodyera ambiri, amene anali a ku China omwe, anazigwiritsa nchito okha, popeza makasitomala anazizolowera. Koma ico cionetsa mphamvu ya malonda, osati ubwino wa zilembo. Wopanga cizindikiro amene asankha zilembo zotere m'kompyuta nalembera dzina lace wagwa m'mbuna imene akulu anaichula, kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pakati pa njira ya Qi Baishi, imene ifuna munthu wodziwa cinenero ca ku China, ndi njira ya ku Cleveland, imene siifuna kudziwa kanthu, pali njira yacitatu yoyenera kuipima mofatsa, popeza ikhudza onse olemba ndi zilembo za A, B, C, monga olemba Cinyanja. Mwini wace ndi Xu Bing, wobadwa ku Chongqing m'caka ca 1955. Iye anayamba kuchuka m'caka ca 1988 pamene anaonetsa ku Beijing mabuku osindikizidwa ndi zilembo zambirimbiri zimene anapeka yekha nazisema pa mitengo, zooneka ngati zenizeni koma zosatanthauza kanthu. M'caka ca 1990 anasamukira ku America, ndipo m'caka ca 1994 anayamba kalembedwe kochedwa Square Word Calligraphy. M'kalembedwe aka liu lonse la Cingerezi lisonkhanitsidwa m'kabwalo kamodzi ka ngodya zinai. Cilembo ciri conse cipatsidwa maonekedwe a kacigawo ka zilembo za ku China; mwacitsanzo O asanduka kabokosi, kofanana ndi cilembo cao ca pakamwa. Kawerengedwe kace nkocokera kumanzere kunka kumanja, kumwamba kunka pansi, kunja kunka m'kati.

Munthu akaona malembawa koyamba ayesa kuti sangawawerenge; akadekha, mwadzidzidzi liu la Cingerezi limtulukira, ndipo aseka. Wa ku China ndiye ayesa kuti awerenga msanga, napeza kuti palibe cilembo ca kwao ngakhale cimodzi. Xu Bing anakonza m'nyumba zoonetsera zithunzi zipinda zonga kalasi, zokhala ndi madesiki, maburashi ndi makope otsanzira, kuti alendo akhale pansi aphunzire kuyendetsa burashi motsata lamulo. M'caka ca 1998 anapanganso nchito yochedwa Your Surname Please, m'mene mlendo alemba dzina la makolo ace m'kompyuta, nalilandira litasandulika kabwalo kotere. Ubwino wa njirayi poiyerekeza ndi ya ku Cleveland uli poyera. Mizere njeniyeni, yolembedwa ndi burashi m'dongosolo lace; kabwalo kasungidwa; ndipo cinyengo cace ncosakhalitsa, pakuti colinga cace ncakuti wonyengedwayo azindikire, naphunzire kuti cimene anaciyesa cacilendo ncapafupi.

Komabe njirayi iri ndi zofooka zitatu kwa munthu wofuna cizindikiro ca dzina lace. Coyamba, ifuna wowerenga wodekha, ndipo munthu wopita pa njinga alibe nthawi yomasulira mwambi wa pa cikwangwani. Caciwiri, siikomera maina atali. Dzina la zilembo zinai kapena zisanu likhala bwino m'kabwalo, koma Cimwemwe kapena Tiyanjane lithithikana ngati anthu m'basi yamadzulo, ndipo likacepetsedwa kuti likwane pa kalata lisanduka banga la inki. Cacitatu ndico cacikulu: ali yense wodziwa za zojambula akaona kabwalo kotere akumbukira Xu Bing, osati mwini dzina. Cizindikiro cimene cilengeza munthu wina calephera nchito yace, cingakhale cikongole cotani.

Ena ayesa kulambalala mabvutowa pakutenga cilembo ceniceni ca ku China. Apa pafunika kucenjera. Anthu a dzikolo polemba dzina lacilendo asankha zilembo zomveka mofanana nalo, monga acitira ndi dzina la Zambia, limene alilemba ndi zilembo zitatu. Koma cilembo ciri conse ciri ndi tanthauzo lacelace, ndipo wosankha mosadziwa angadzipacike mau oseketsa kapena onyazitsa. Maina a Cinyanja ali ndi mwai wina, popeza ambiri ali ndi tanthauzo kale, ndipo munthu angamasulire tanthauzolo m'malo mwa mamvekedwe. Wa mfunda wa Phiri angakopeke ndi cilembo ca phiri, ca mizere itatu yoimirira pa tsinde limodzi, wapakati wotalika. Ncokongola ndi cosabvuta. Koma wa ku China adzaciwerenga shan, wa ku Chipata sadzaciwerenga konse, ndipo dzina la Phiri lidzakhala litasowa kwa onse awiri. Cilembo cotere cingaime pambali pa dzina ngati mboni, koma sicingalowe m'malo mwace.

Citsanzo ca mmisiri amene anapambana mabvuto onsewa ndi Kan Tai-keung, wobadwa m'caka ca 1942, amene anasamukira ku Hong Kong m'caka ca 1957 nagwira nchito ya utelala zaka khumi asanayambe kupanga zizindikiro. M'caka ca 1980 anapanga cizindikiro ca Bank of China, cimene okhala mu Lusaka angacione, popeza bankiyo inatsegula nyumba yace kumeneko m'caka ca 1997. Ngakhale kuti ndi ca banki, phunziro lace likhudza munthu ali yense. Kan anatenga ndalama yakale ya dzikolo, yozungulira ndi yobooka pakati mwa ngodya zinai, naonjezera mzere woimirira wonga cingwe cotungira ndalama. Ndipo zonse pamodzi zipanga cilembo cotanthauza pakati, cimene ciyamba dzina la China m'cinenero cao. Mizere yace njosalala, yopanda zitsanzo za ubweya wa burashi. Burashi inasiyidwira dzina la banki lolembedwa pambali, m'dzanja la wolemba mabuku Guo Moruo. Uku ndiko kulekanitsa kwakale kuja, kwa cidindo cosasinthika ndi dzanja laufulu, ndipo cifukwa ca ico cizindikirocho cidziwika pamwamba pa nyumba yaitali ndi pa kapepala kakang'ono comwe.

Catsala cinthu cimodzi, ndico kudziwa poika cizindikiro. Mfumu Qianlong, imene inalowa ufumu m'caka ca 1735 nitula pansi m'caka ca 1796, inasonkhanitsa malemba ndi zithunzi zakale zambirimbiri, ndipo inali ndi cizolowezi codinda zidindo zace pa zimene inakonda. Kalata ina yochedwa ya Wang Xizhi iri ndi zilembo 28 zokha, koma yazingidwa ndi zidindo ndi ndemanga za mfumuyi kotero kuti diso libvutika kupeza mwini kalata. Zidindozo zinasemedwa ndi amisiri aluso, pa miyala ya mtengo wapatali, koma anthu ambiri a lero aziyesa zipsera. Amisiri a ku China aphunzitsa kuti malo oyera a pa pepala awerengedwe ngati inki yomwe. Wodzaza ponse ndi dzina lace waononga cimene anafuna kucilemekeza.

Zonsezi zikaikidwa pa muyeso, ciweruzo ncosabvuta. Zilembo za ku Cleveland zinatenga khungu lokha, ndipo nzosayenera munthu wodzilemekeza. Xu Bing anatenga lamulo la burashi napanga nalo cinthu catsopano, koma cinthuco ncace, ndipo wocitsanzira abvala malaya a mwini. Qi Baishi ndi Kan Tai-keung, kalipentala ndi telala, ndiwo aphunzitsi oyenera wotsiriza sukulu, pakuti onse awiri anayamba ndi nchito ya manja, nasunga mizere yocepa, nanena zoona. Zimene zingabwerekedwe kwa iwo osaguluka ndi izi: kulemba dzina nthawi zambirimbiri kufikira dzanja litapeza njira yace; kudziwa poyambira ndi pothera mzere uli wonse; kulinganiza inki ndi malo oyera; ndi kusankha mau amene mwini angawayankhire osacita manyazi. Zimenezi zitheka ndi zilembo za Cinyanja zomwe, ndi peni ya m'sitolo, pa kope la sukulu. Makolo amene anadinda cala anasiya cizindikiro cimene palibe munthu wina angacibwereke, ndipo mdzukulu wao wophunzira ayenera kuyesa cizindikiro cace ndi muyeso womwewo.